Ndime 19 ndi Bwalo la Najah

Lolemba, 6 Okutobala

Casablanca. Mvula yangowaza, fumbi lili pomwepo. Nsapato zatsopano zikundiluma.

M'mawa Lamrini, bwana wanga, wandiponyera fayilo patebulo: "Btissam, iyi ndi yakwanu." Kutsegula, Najah. Timu ya mpira ya kwathu ku Mersa Tarfa. Ligi yachiwiri, zaka khumi ndi zinayi osakwera. Ikugulitsidwa.

Wogula ndi Haji Tahar Bouzid, mwini fakitale ya simenti ndi nyumba zosanja zosawerengeka. Ife ndife maloya ake. Wabwera masana atakulunga mpango wa timu m'khosi, kapepala ka mtengo kakulendewera kumsana. Wandifunsa ngati osewera amalowa khumi ndi awiri. Munthu wogula timu ameneyo! Lamrini waseka mpaka kugwira pamimba, poganiza kuti Haji akuchita nthabwala. Haji amadikira yankho.

Akuti zikasainidwa dzina langa lilembedwa pachitseko, pansi pa la Lamrini. Zaka zisanu ndi zinayi ndikuchiyang'ana chitseko chimenecho.

Lachitatu, 8 Okutobala

Mmene tikukonzera: bungwe la mamembala a Najah litsegula kampani. Haji alowetsa madirihamu 30 miliyoni, atenga masheya magawo awiri mwa atatu. Bungwe lilibe ndi khobidi lomwe, ndiye lilowetsa bwalo. Mahekitala anayi m'mphepete mwa nyanja, asodzi anasonkherana kugula mu 1958.

Ndime 19 ndailemba lero. Mizere isanu: wa masheya ambiri akhoza kugulitsa katundu wa kampani osafunsa bungwe. Ndaiika pakati pa za inshulansi ndi za mayunifolomu, poti pofika pamenepo aliyense amakhala akuwodzera. Ntchito yaukhondo. Ndinadzimva ndithu.

Haji sasunga chinsinsi, matama samulola. Watifunyululira pulani patebulo: hotela ya zipinda mazana awiri, damu losambiramo pomwe pali golo lakunyanja. Ndafunsa, nanga timu? "Mpira amasewera ngakhale pamsewu, mwana wanga." Wanena akutokosa m'mano.

Pagolo limenelo ababa anathyokerapo zala zitatu. Sindinanene. Si za m'fayilo.

Lachisanu, 10 Okutobala

Nkhomaliro ya kusikusi kunyumba kwa Haji pochokera ku mzikiti. Nkhosa yathunthu, anthu asanu ndi mmodzi.

Bambo Abdelkebir, wapampando wa Najah, wabwera ndi suti yonunkha mankhwala a njenjete. Amulonjeza udindo wa "wapampando waulemu" ndi galimoto. Mgwirizano wa masamba 84 wangounyamula m'manja kuyesa kulemera, basi. "Loya akalemba zambiri ndiye kuti ndi zabwino." Kape. Wadya mpaka thukuta kudontha m'mbale.

Mgwirizano sungadutse popanda voti ya mamembala, magawo awiri mwa atatu. Ndiye Abdelkebir watulutsa kaundula monyadira. Mamembala akale 63. Atsopano 140, onse alembetsa mwezi watha, onse keyala yawo ndi fakitale ya simenti ya Haji. Ha! Sanasinthe ngakhale cholembera.

Ndawawerengera malamulo a bungwe lawo lomwe: wovota akhale atatha zaka ziwiri ali membala. Anthu 140 aja ndi zinyalala chabe. Haji wafiira maso, Abdelkebir kukamwa yasa, supuni m'mwamba. Wapampando zaka khumi ndi ziwiri, malamulo ake osawadziwa. Ngakhale kuba komweko sakutha.

Ndabwerera pa takisi. Mutu.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Ndiye kuti tikufuna nkhalamba 42 mwa 63.

Lamrini wandiitana, chala chili pa kaundula. "Messaoud Lachhab, nambala 7, ndi ndani wako?" Akumwetulira. Ankadziwa kuti ndi ababa kuyambira tsiku lomwe anandiponyera fayilo. Njoka. Ine n'kumati andisankha chifukwa cha nzeru.

Ndine ndikafotokoze mgwirizano kumsonkhano waukulu pa 25. Ndikonzenso chidule cha masamba awiri m'Chiarabu, "zofunika zokha." Ndakonza. Ndalama zilimo, osewera atsopano alimo, basi ya timu ilimo. Ndime 19 mulibe.

Mgwirizano wonse, m'Chifalansa, uli pa ofesi ya timu kuyambira Lachisanu. Aliyense atha kukawerenga. Masiku khumi ndi asanu, monga lamulo linenera. Palibe chimene tabisa. Akapanda kuwerenga ndi zawo.

Lendi yakweranso. Mwini nyumba akuti ndi chifukwa cha chikepe chatsopano, chimene sichiyenda.

Loweruka, 18 Okutobala

Mersa Tarfa. Fungo la nsomba za sadini kuyambira pa siteshoni.

Ababa ndawapeza pabwalo ndi payipi yothirira kapinga. Zaka 74. Palibe amawalipira, palibe anawatuma. M'mawa uliwonse. Denga la chipinda chovalira likudontha, osewera miyezi inayi osalandira, mipando inadyedwa ndi dzimbiri, iwo ali pa kapinga.

Masana anandikokera kumalo awo omwera tiyi. Nkhalamba khumi ndi ziwiri, tiyi wa timbewu kapu imodzi maola atatu, kukangana za penate ya mu 1979. Mpaka lero! Wina anaimirira kusonyeza mmene mpira unadutsira, n'kugwetsa mpando. Awa ndi amene agwira mahekitala anayi. Anthu anzeru akanagulitsa okha kalekale n'kugawana. Andinyansa. Aliyense "a loya athu, a loya athu," kundigwira mutu ngati ndikadali wa sitandade wanu.

Ndafunsa mwa apo ndi apo ngati wina wapita kukawerenga mgwirizano. Aseka. Wodziwa Chifalansa bwino pakati pawo ndi bambo Jilali wogulitsa mankhwala, ndipo ali ku Marseille, ku France, kwa mwana wake mpaka Disembala. Mtima wanga unakhala pansi. Ndalemba mmene zinalili: unakhala pansi.

Lamulungu, 19 Okutobala

Kadzutsa ndi ababa. Buledi, mafuta a maolivi, mazira. Ananyema buledi ndi zala zopindika zija n'kundifunsa osandiyang'ana: "Iwe, mapepalawo wawawerenga bwino?" Ndinati ndinalemba ndine. "Basi," anatero. Anandiwonjezera dzira.

Sindinaname. Anafunsa ngati ndawerenga.

Ndikanati ndiwauze, ndiye kuulula chinsinsi cha munthu amene ndikumuimira. Chiphaso changa cha uloya chikanapita. Kumeneko nkhalambazi zikandidyetsa chiyani, penate ya mu 1979?

M'sitima ndinakhala moyang'anana ndi mayi wodya mtedza ulendo wonse, makoko pansi. Ndinafuna kumuwomba mbama, mayi wosalakwa.

Lachinayi, 23 Okutobala

Ndayesa. Zilembedwe kuti ndayesa.

Ndalowa kwa Lamrini ndi kapepala: tiwonjezere mzere umodzi, bwalo lisagulitsidwe kwa zaka khumi. Sanakalipe. Wavula magalasi, wawapukuta. "Btissam, amakulipira ndani, Haji kapena asodzi?" Kenako wafunsa ngati pachitseko ndikufuna zilembo zagolide kapena zakuda.

Ndati zakuda.

Mphindi zitatu. Nkhondo yanga yonse.

Madzulo ndagula chikwama cha madirihamu 4,000 chimene sindikuchifuna.

Loweruka, 25 Okutobala

Msonkhano waukulu. Holo ya sukulu, mipando ya ana, nkhalamba mawondo m'chibwano. Haji ndi mpango wake uja. Abdelkebir walankhula mphindi makumi anayi za iye mwini. Mabotolo a madzi olembedwa dzina la simenti.

Ndafotokoza masamba awiri aja. Mawu sananjenjemere ngakhale pang'ono. Ndikudziwa ntchito yanga.

Poyamba sizinayende. Ambiri amang'ung'udza, ena kupukusa mitu. Msodzi wina, Hmida, waimirira kumbuyo, chipewa m'manja: "Mwana wa Messaoud, tiuze chimodzi. Bwaloli likhala lathu?" Ndayankha kuti bwalo likhala la kampani, ndipo bungwe lanu lili m'kampanimo. Liwu lililonse loona. Lamrini wandigwedezera mutu ngati mphunzitsi.

Hmida sanakhutire. Wati wa simenti angakonde mpira chifukwa chiyani. Phokoso. Ndinaona Haji akupukuta m'khosi. Zikanagwa pamenepo.

Ndiye ababa aimirira. Sanachulukitse: "Ine Chifalansa sindidziwa, Haji sindimudziwa. Mwana uyu ndimamudziwa. Walemba ndi iye." Akweza dzanja voti isanaitanidwe n'komwe.

Ndinali ndi chimkuzamawu m'manja. Chinali choyatsa.

51 kwa 11.

Nkhosa. Kungoona mkono umodzi m'mwamba, onse m'mwamba. Wina anali m'tulo, mnzake anamudzutsa kuti avote. Ndinawada onse, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, chifukwa chosafunsa funso lachiwiri.

Ababa andipsompsona pamphumi pamaso pa anthu.

Lolemba, 27 Okutobala

Asainirana. Zolembera zinayi zasiliva, ojambula, makeke a maamondi. Haji wajambulitsa atapondetsa phazi pa mpira, watsala pang'ono kugwa chagada. Wauza atolankhani kuti wakonda Najah kuyambira ali mwana. Anabadwira ku Fes, kutali ndi nyanja.

Dzina lili pachitseko. Zilembo zakuda. Zazing'ono kuposa mmene ndinkaganizira.

Bonasi yalowa. Ndatumizira ababa jekete laubweya.

Lachitatu, 3 Disembala

Sabata zisanu osalemba. Panalibe cholemba. Ntchito, kugona, ntchito.

Haji sanadikire ngakhale ligi ifike pakati. Lolemba anthu oyeza malo afika pabwalo ndi zikhomo zofiira. Dzulo malata kuzungulira mbali yakunyanja. Timu akuti izisewerera ku tauni ina, makilomita 60. Ndinamulangiza kuti adikire chaka. "Simenti sidikira," anatero. Mbuli yopanda ndi manyazi omwe.

Bambo Jilali wabwera kuchokera ku Marseille. Wapita ku ofesi ya timu, wawerenga masamba onse 84. Munthu mmodzi, tsiku limodzi. Wawamasulira anzake ndime 19 pamalo a tiyi paja.

Abdelkebir wathawira kwa apongozi ake ndi galimoto yaulemu ija. Waimba kuno akulira, ati anamunamiza. Ndamuuza kuti siginecha yake ili patsamba lililonse, n'kudula.

Mamembala akufuna kukasuma. Asume. Ndinalemba ine, palibe pogwira. Khoti lidzawafunsa chimodzi: munali ndi masiku khumi ndi asanu, munawerenga?

Mnzanga wakusukulu wanditumizira chithunzi. Pa malata aja alemba dzina langa ndi penti, ndi mawu ena pambali. Sindiwalemba muno.

Ababa aimba kasanu. Foni ndaitembenuza chafufumimba.

Lachisanu, 5 Disembala

Ababa abwera. Sitima yoyamba. Mlembi wanga wati pali "bambo wina wachikulire" pa benchi, wakana tiyi.

Anaima pachitseko n'kuwerenga dzina pang'onopang'ono, kenako kulowa. M'thumba la pulasitiki munali tsamba limodzi, la 57, bambo Jilali atazunguliza ndi cholembera chofiira. Analiika patebulo. "Ndiwerengere m'chinenero chathu. Jilali wandiwerengera kale, koma ndikufuna ndimve iwe."

Ndinawerenga. Mizere isanu. Sinanditengere nthawi yaitali chonchi poilemba.

Anafunsa chimodzi: pa 19 Okutobala paja, pa kadzutsa, ndinkadziwa za hotela? Ndinati eya. Ndinayamba za chinsinsi cha ntchito, za chiphaso. Anakweza dzanja, ndinasiya.

Ndinkadikira kutukwanidwa. Ndinali nditakonzeka, mayankho onse ali pamzere. Iwo anangopinda tsamba lija kanayi.

Anati mawa bungwe likumana, ndipo anyamata a ku doko akulankhula zoipa za ine, ena akufunsa kumene ndimakhala. Anati iwo akaimirira pamsonkhanopo n'kunena kuti ine ndinawachenjeza za ndime 19 sabata imodzi voti isanachitike, iwo ndi amene anabisa, chifukwa Haji anawapatsa envelopu ya ndalama. "Andikhulupirira. Nkhalamba yosauka, ndani angadabwe?"

Munthu amene zaka 74 sanalandirepo ngakhale sadini imodzi yaulere. Hmida akawalavulira. Pamalo a tiyi paja sakakhalanso. Maliro awo akanyamula ndani m'tauni imeneyo?

"Iwe uli ndi zaka 36," anatero. "Dzina ukulifunabe."

Anakana kuti ndiwaperekeze ku siteshoni. Pa zenera ndinawaona akudikira kuwoloka msewu, magalimoto osawapatsa mpata, thumba la pulasitiki lopanda kanthu m'manja.

Msonkhano ndi mawa 10 koloko. Sitima yomwe ingandifikitse nthawi yake imanyamuka 6:15. Ndayang'ana katatu.

Tikiti sindinagule.