Sefakor Anayamba Liti Kulankhula?

Ashaiman
14 Meyi

Okondedwa achemwali anga a Mawuse,

Landirani moni wochokera kuno kutauni. Kodi muli bwanji kumeneko ku Kpando pamodzi ndi alamu? Nanga bondo la amayi lija likuwapatsako mpata? Ife kuno tilipo. Mvula yayamba mwaukali, ngalande ya kuseri kwa nyumba ikumasefukira, moti makina anga osokera ndawakweza pa njerwa.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nkhaniyi ndikaiyamba pakamwa mawu amandithera. Komanso pakhomo pano tilipo mabanja ambiri, munthu sungalankhule anzako osamva.

Nkhani ndi ya mwana wanu Sefakor, uja munandilerera. Wakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu, koma akubwereza kalasi yachiwiri chifukwa kuwerenga kwamukanika. Mawu amene taphunzira limodzi lero, mawa amawayang'ana ngati sanawaonepo. Chonsecho nyimbo za kutchalitchi amangomva kamodzi, ndipo ndikamutuma kumsika sayiwala kanthu. Aphunzitsi ake akuti ndi ulesi. Tsiku lina anabwera manja atatupa ndi chikwapu, ngakhale nsima ya kenkey ndinachita kumudyetsa ndine. Anzake akumutcha agogo a m'kalasi. M'mawa uliwonse amati m'mimba mukupweteka, koma Loweruka simupweteka.

Mayi wina amene ndimamusokera, namwino, anamuona akulimbana ndi buku pakhonde. Anandiuza kuti pali vuto lotchedwa dislekisiya, loti mwana wanzeru bwinobwino zilembo zimamusokonekera, ndipo pamafunika katswiri amuyeze. Ndinapita kwa ahedi kukapempha kalata, iwo anati ndiyambe ndapita kuchipatala. Kuchipatala anamuyeza maso ndi makutu, anapeza zonse zili bwino, n'kundiuza kuti za kuwerenga ndi za kusukulu. Nditabwerera kwa ahedi anandifunsa ngati ndikufuna kuwaphunzitsa ntchito. Namwino uja ndi amene anandipezera malo ena ku Accra kumene amayeza ana otere.

Bambo ake a Sefakor za izi sakuzimva. Akuti iwonso anakula ndi chikwapu ndipo lero akuyendetsa galimoto padoko ku Tema, ndiye ndisiye kupatsa mwana matenda a anthu olemera. Anenetsa kuti akalepheranso chaka chino amutumiza kwa alongo awo ku Kumasi azikathandiza kugulitsa nsalu. Mukuwadziwa alamu anu, akanena sabwereza ayi.

Lachiwiri lapitali tinapita ku Accra kuja, ine ndi mwana. Tinakapeza mayi wofatsa, anatipatsa mipando, Sefakor anamupatsa pepala kuti azijambula. Anati asanamuyeze ayambe wandifunsa ine mbiri ya mwana. Za mimba ndi za kubadwa kwake ndinayankha bwino. Kenako anafunsa kuti anayamba liti kulankhula, mawu ake oyamba anali otani, ngati ankapotoza mawu kuposa anzake, ngati anatulukapo mafinya m'makutu kapena kudwala malungo okomoka nawo. Achemwali, zaka zimenezo mwanayu anali kwanu. Ndinamusiya m'manja mwanu akungoyamba kuima, ndinadzamutenga akuthamanga kale ndi kutukwana nkhuku.

Sefakor anakweza mutu pa chojambula chake n'kunena kuti, “Musawafunse amayiwa, sakudziwa. Mufunse amayi aakulu a ku Kpando, ndi amene ankandibereka.” Sananene mwachipongwe ayi, amangofuna kundithandiza. Mayi uja anati ndisadandaule, makolo ambiri amene amabwera kumeneko ndi otero.

Anandifotokozera kuti mayankhowa ndi ofunika. Mayeso amene ali nawo ndi a Chingerezi, pamene mwanayu anakula ndi chilankhulo chathu cha Chiewe, kuno amasewera m'Chitwi, Chingerezi amakumana nacho m'kalasi mokha. Ndiye popanda mbiri yake n'kovuta kusiyanitsa ngati vuto ndi zilembo kapena chilankhulo. Watipatsa tsiku mu Ogasiti, poti ana ndi ambiri ndipo woyeza ndi yekhayo. Koma sukulu ikutseka mu Julaye, zotsatira za mayeso a m'kalasi zidzatuluka iye asanamuone. Nditamuuza za ku Kumasi anapepesa, anati ana onse amene ali patsogolo pathu nawonso ali ndi nkhani zawo. Ndinafunsanso kuti akadzapeza vutolo, kusukulu adzasintha chiyani. Anati iye adzalemba zimene wapeza, koma sangawakakamize.

Pobwerera m'minibasi mwana anandifunsa ngati wakhoza. Ndinamuuza kuti sanayambe kumuyeza. Anati ndiye bwino, chifukwa akanalephera.

Pempho langa ndi limodzi. Mukhale pansi ndi amayi, mukumbukire zonse za Sefakor pa zaka zimene anali kwanu, mundilembere. Anayamba kulankhula asanayambe kapena atayamba kale ana a msinkhu wake? Ankatchula bwanji mayina a anthu? Nyimbo za masewera ankazitha? Anadwalapo chiyani chimene simunandiuze poopa kundidetsa nkhawa? Ngakhale kanthu kooneka kachabe mulembe, ndipo musandibisire pofuna kundisunga mtima. Ngati mwezi simukuukumbukira, nenani kuti inali nthawi yokolola chinangwa kapena ya maliro a uje, ine ndiwerengera. Sindikudziwa ngati zithandize, koma palibenso china chimene ndingachite pakali pano.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka bondo nditumiza ndi munthu woyamba kubwera. Moni kwa alamu a Senyo, kwa atsibweni ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Ndinamufunsa Sefakor ngati akufuna kulemba yekha moni wake pansi apa. Wagwira cholembera kanthawi, kenako wandibwezera. Akuti ndingokuuzani kuti wakusowani, ndiponso musamuuze Edem wanu kuti akubwereza kalasi.

Tsalani bwino.

Ine mng'ono wanu,
Akpene