Mkamwini Wanu ndi Makutu a M'damu

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo. Mng'ono wanga Nachisale wachira, mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yomwe. Chimanga chachita bwino, koma fodya matalala anamuboola ngati sefa.

Nkhani ndi ya mkamwini wanu, bambo a Tiyanjane. Mukukumbuka damu la kumunsi kwa Bowe limene anatiletsa kuwedzamo? Kunabwera mlangizi wa za nsomba ndi tizitini ta mawaya tomva phokoso pansi pa madzi. Anati tizitinito tikamva nsomba zambiri atitsegulira damu, apo ayi likhala lotseka chaka chinanso.

Azimayi atamva kuti boma laika makutu m'madzi, miseche ya padamu inatheratu. Ngakhale aNaphiri, apakamwa aja, masiku ano amachapa akuimba nyimbo zachipani!

Ntchito yoponya tizitini inagwera mkamwini wanu. Mlangizi anati, "Mungomwaza paliponse, osasankha malo." Koma mukuwadziwa. Si aja ankakusekani mukamamwaza mawere, amvekere ulimi wamakono ndi wa mizere? Anatenga chingwe cha kumunda wa fodya n'kundandalika tizitini tonse m'mbali mwa damu ngati mbande. Sabata yathunthu tizitinito tinangomva achule.

Mlangizi anagwira mutu. Anafotokoza kuti ukamwaza, tina timagwera pamatope, tina pabwino, koma tonse pamodzi timamva damu lonse, ndipo uyenera kumwaza kangapo kuti uone ngati zomvekazo zikufanana. Anapereka mwayi womaliza. Mudzi wonse unkayang'ana amuna anga ndi diso lofiira, ine manyazi osasimbika.

Ndiye ndinawakumbutsa mawu anu aja, akuti mbewu imadziwa pogwera, ntchito ya munthu n'kutambasula dzanja basi. Anakwera bwato, n'kutsinzina, n'kumwaza ndendende mmene munkachitira inu, mpaka kupendeketsa chiuno. Ndinaseka mpaka misozi, kenako ndinazindikira kuti ndikulira. Ndinakusowani, amayi, ngati kuti takuikani m'manda dzulo.

Ulendo uno tizitini tinamva nsomba zambiri. Damu atsegula, dzulo tadya makumba. Mkamwini wanu akuuza anthu kuti nzeruyo anaitulukira okha.

Kachitini kamodzi waya wake unaduka, kanatsalira pansi pafupi ndi mwala wanu wochapira. Anzanga amauthawa mwalawo. Ine ndimachapira pomwepo, ndikulankhula mokweza. Boma likafuna limve, koma ine ndimakhala ndikuuza inu.

Mawere anu ndidzamwaza chaka chino, ndikulonjeza. Chingwe chija ndabisa kale.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati