Njinga ya Malemu Akazi Anga Ikundipweteketsa Mkono

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi. Ndimakhala ku Nobsa, ndipo ntchito yanga ndi kuwomba maruwana, zofunda za ubweya wa nkhosa zovala m'mapewa, monga ankachitira bambo anga. Sindinalemberepo nyuzipepala chibadwire. Ndalemba chifukwa pali chinthu chikundizunguza mutu, ndipo aliyense amene ndamufunsa akundiyankha zakezake.

Akazi anga, a Hermencia, anatisiya chaka chatha. M'nyumba mwathu wopalasa njinga anali iwowo. Ine kukwera ndinkadziwa, koma miyendo yanga inazolowera kuponda matabwa a chowombera nsalu, osati mapedulo. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse iwo ankakwera phiri panjinga kupita kutchalitchi cha ku Morcá kukapemphera kwa Amayi Maria. Linali lonjezo limene anachita mwana wathu Yaneth atadwala kwambiri ali khanda. Ine ndinkatsala ndikuwomba. Potuluka ankati, "Tsalani, bambo a nkhosa, ndikakupemphererani kuti msanawo usaume."

Atamwalira, njinga inakhala pakhonde itatsamira khoma. Tsiku lina ndinaipukuta fumbi. Tsiku linanso ndinapopa matayala. Loweruka loyamba litafika ndinangopezeka ndili pamsewu. Palibe ananditumapo, ndipo lonjezolo silinali langa. Koma kuyambira pamenepo ndimapita mwezi ndi mwezi.

Vuto ndi mkono wamanzere. Pokwera phiri sindimva kanthu kupatula phuma ndi kutentha kwa ntchafu. Umayamba potsika. Zala ziwiri zakumapeto zimachita dzanzi ngati ndazigonera. Pofika kunyumba ululu wachoka padzanja wafika pachigongono, ndipo kukacha uli paphewa. Lolemba ndikakhala pa chowombera, kamtengo koponyera ulusi kamandipulumuka. Poyamba zinkatha pofika Lachiwiri. Tsopano sabata imatha ndikumvabe, ndipo ruwana imene ndikanamaliza kalekale idakali pakati. Mkono wamanja uli bwinobwino. Manja awiri akugwira njinga imodzi, akutsika phiri limodzi, nanga umodzi wokha ukudwaliranji?

Woyamba kumufunsa anali kompadre wanga Argemiro, amene anaimira Yaneth pa ubatizo. Iye amakonza njinga pafupi ndi msika. Anandiona ndikubwera patali, nayamba kuseka ndisanatsike n'komwe.

"Kompadre," anatero, "mukupalasa njinga kapena mukukankha wilibala? Manja ali gwa ngati mitengo ya mpanda. Chishalo mwakweza, mahandulo mwawasiya pansi. Mumapita ku Morcá kapena mumafunafuna singano mumsewu?"

Ndinamuuza kuti chishalo ndinakweza chifukwa mawondo ankandigunda pachifuwa. A Hermencia anali aafupi. Kenako ndinamufotokozera za mkono. Analeka kuseka. Anagwira njinga pachishalo nati ndiime kutsogolo kwake.

"Mukuona chiyani?"

"Ndikuona njinga."

"Zaka zonsezi mukuwomba mizere yowongoka, lero chokhota chakukanikani kuona?"

Aphungu, handulo yakumanzere ndi yopindika. Inabwerera m'mbuyo pang'ono ndi kukwera m'mwamba pang'ono. Akazi anga anathyoka mkono wamanzere ali mtsikana, atagwa pa kavalo, ndipo unapola mokhota moti sunkatambasuka wonse. Zimenezo ndinkadziwa. Za handuloyi sindinkadziwa.

"Ndinapinda ndine," Argemiro anatero, "Yaneth asanayambe sukulu. Komadre, akazi anuwo, anabwera pompano nati, 'Argemiro, mkono wanga sukufika. Sankhani, muwongole mkonowu kapena mupinde chitsulocho.' Ine ndinasankha chophweka."

Munthu ndinakhala naye moyo wonse, njinga ikugona pakhonde langa, koma chinthu ichi ndachimva kwa mwini sipanala.

Argemiro anafuna kuiwongola tsiku lomwelo. Ndinagwira dzanja lake. Mphira za m'mahandulo zinaperepeseka motsata zikhatho za akazi anga, ndipo ndikagwira, zala zanga zimagwera m'malo mwa zala zawo. Ndinati zisiyeni. Iye anati, "Mkono ndi wanu, kompadre. Ukagwa mudzabwere nawo, ndidzakumangirirani ndi waya." Sindinamuuze kuti buleki yakumanja inatha, imangofika pahandulo osagwira kanthu. A Hermencia ankadalira iyo yokha. Choncho ine phiri lonse ndimatsika ndi yakumanzere, ndipo ndi yolimba ndithu. Ndinaopa kuti ndikamuuza ayamba kumasula zinthu.

Wachiwiri anali Doña Tránsito, mayi wosisita mafupa wa m'dera lathu. Anandipaka mafuta osakaniza ndi kachasu, nakoka mkono mpaka misozi inalengeza. Atatha anati, "Abambo, apa palibe fupa lachoka. Si mkono womwewu unkavuta malemu? Mayi aja amakugwirani potsika kuti musagwe. Anali ndi dzanja lamphamvu, ndinkawadziwa ine."

Ndine munthu wa tchalitchi, zotere sindizikhulupirira msanga. Koma sindibisa, mawuwo sanandiipire. Masiku ena ndikamamva ululuwo sindidana nawo kwenikweni.

Wachitatu ndi Yaneth. Amakhala ku Bogotá, ndipo anamva pafoni kuti ndikuvutika kugwira kapu ya khofi. Anakuwa: "Ababa, mkono wamanzere ndi mtima umenewo! Ndikubwera pa Khirisimasi. Ndikapeza mukudandaulabe, njingayo ndiikweza pabasi, mudzaionera pachithunzi." Mwana ameneyu anatengera mayi ake. Akanena, wanena.

Ndiye ndili ndi mayankho atatu: chitsulo, malemu, ndi mtima. Ndikufuna kumvetsa. Kodi kupindika kochepa chonchi, koti ine ndinalephera kukuona, kungadwalitse mkono wa munthu wamkulu? Bwanji zala ziwiri zokha, osati zonse? Bwanji ululu weniweni umadikira mpaka kutacha? Ndipo chachikulu ndi ichi: pali njira yoti mkono uchire, ndizipitabe ku Morcá, koma njingayo ikhale mmene anaisiyira eni ake? Mkonowu ndiwo umandidyetsa. Njingayo sindingathe kuifotokoza.

E. C. P.,
Nobsa.

*

Bambo E. C. P.,

Pepani chifukwa cha imfa ya mayi. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo yankho la funso lanu lalikulu ndi lakuti ayi. Njinga singakhale mmene iliri mkono wanu n'kuchira. Koma musafulumire kutaya mtima, pakuti zimene muyenera kusintha n'zochepa kuposa mmene mukuopera.

Tiyambe ndi Yaneth, chifukwa iye ndiye wa mantha oyenera kumveredwa. Mmene mwafotokozera, ululu wanu sukufanana kwenikweni ndi wa mtima. Wa mtima umakonda kubwera munthu akamalimbana ndi chitunda, ndipo umaleka akapuma. Wanu umabwera potsika, pamene mtima wapuma koma manja ali pantchito. Komabe ine ndikuona kalata, sindikuona inu. Pa msinkhu wanu, mkono wamanzere suyesedwa ndi nyuzipepala. Pitani kuchipatala sabata ino akakupimeni mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Mukawauzenso za zala zochita dzanzi ndi za kamtengo kokupulumukani. Mfundo imeneyo musaisiye, ndiyo yandidetsa nkhawa koposa.

Tsopano mafunso anu. M'mphepete mwa chikhatho, mbali ya kachala kakang'ono, mumadutsa mtsempha umene umatumikira zala ziwiri zomwe mwatchulazo. Ukapanikizika nthawi yaitali, zalazo zimachita dzanzi, zinazo osamva kanthu. Inu mwaupanikiza kuchokera mbali zonse. Mutakweza chishalo n'kusiya mahandulo pansi, thupi lanu linagwera kutsogolo, ndipo katundu amene akanasenza matako akusenza manja. Potsika phiri katunduyo amachuluka. Handulo yopindika ija imapotoza dzanja lanu lamanzere ulendo wonse. Kupindikako n'kochepa m'maso, koma taganizani mutawomba tsiku lonse mutakhala pa mpando wopendekeka pang'ono. Ndipo dzanja lopotokalo, lolemedwalo, ndi lomwenso mwalipatsa ntchito yoimitsa njinga lokha ndi buleki yolimba. Dzanja lamanja likungokwera ulere. Likanadwala bwanji?

Zoti ululu umakula kutacha si zachilendo. Minofu ikagwira ntchito yopyola muyezo imadandaula mawa lake. Chachilendo n'chakuti tsopano sabata ikutha musanachire, ndipo dzanja layamba kufooka. Mtsempha ukapanikizidwa mwezi ndi mwezi osapuma, nthawi zina mphamvu yake sibwerera yonse. Kwa munthu wowomba nsalu, mukudziwa nokha tanthauzo lake.

Za Doña Tránsito sinditsutsana nawo pa nkhani ya malemu, si mbali yanga. Koma mkono umenewo asaukokenso. Mtsempha wotupa sufuna kukokedwa.

Chitani izi. Loweruka loyamba likubwerali njinga ipume. Ku Morcá pitani pabasi kapena wapansi, pemphero lidzafika chimodzimodzi. Mkono muziuyika nsalu yozizira ukatentha, ndipo pa chowombera muzigwira pang'onopang'ono, mukupumira, osadikira kuti ululu ukuimitseni.

Kenako mubwerere kwa kompadre wanu, mukamuuze za buleki imene munamubisira. Akonze zonse ziwiri kuti zizigwira mofewa. Handulo ija asaiwongole. Chitsulo chopindidwa kawiri chimafooka, chingathe kuthyoka muli pa liwiro. Aimasule yonse yathunthu, pamodzi ndi mphira zake zoperepeseka, akupatseni m'manja mupite nayo kunyumba. Palibe chimene chiwonongeke. Zala za mayi zikhalabe pamenepo, ndipo mudzazigwira tsiku lililonse limene mwafuna, osati kamodzi pamwezi muli ndi mantha pamtsetse. Panjingapo aike handulo ina yowongoka, yokwera molingana ndi kutalika kwanu, ya mphira zofewa. Felemu, matayala, belu, zonsezo ndi za a Hermencia ndithu.

Adokotala akakulolani kuyambanso, yambani ndi maulendo aafupi a pachidikha. Zigongono zizikhala zopinda pang'ono, mapewa omasuka. Handulo muziigwira monga mumagwirira ulusi, osaufinya. Potsika muzigwiritsa mabuleki onse awiri, kugwira ndi kusiya, kugwira ndi kusiya. Pakati pa phiri imani, mugwedeze manja, muone dziko. Magolovesi okhuthala pachikhatho amathandizanso. Ndipo muimbireni Yaneth mumuuze zimene mwachita asanagule tikiti ya njingayo.

Pali chinthu chimodzi m'kalata yanu chimene mwachilemba koma simunachione. Akazi anu mkono utawavuta sanapirire. Sanati chitsulo n'chopatulika. Anapita kwa wokonza njinga n'kumuuza kuti apinde chitsulo kuti chikwane thupi lawo. Inu mukuchita zosemphana, mukupinda thupi kuti likwane chitsulo. Mwanena kuti masiku ena ululuwo simudana nawo. Ndakumvani, ndipo sindikudzudzulani. Anamfedwa ambiri amasunga kena kake kowawa chifukwa kamawayandikizitsa kwa amene anapita. Koma mayi amene ankakupemphererani msana mwezi ndi mwezi sangakondwe kuona mkono wanu ukuuma chifukwa cha iwo.

Chenjezo langa ndi ili. Ululu ukadzabwera pokwera phiri, kapena pamodzi ndi kuthina pachifuwa, thukuta lozizira, chizungulire, kapena kuwawa kwa nsagwada, tsikani pomwepo, muitane anthu akutengereni kuchipatala. Musati ndikafike kaye kutchalitchi. Ndiponso panjinga zambiri kuno buleki yakumanzere ndi ya tayala lakutsogolo. Kutsika phiri ndi imeneyo yokha, ndi dzanja lochita dzanzi, n'kuika moyo pachiswe. Mpaka Argemiro atakonza mabuleki, njingayo isatsike phiri inu muli pamwamba pake. Mwana wanu wataya kale kholo limodzi. Asadzalandire foni yochokera pamtsetse wa ku Morcá.

Aphungu.