Kwa Dokotala Ndinangovomera ndi Mutu

Okondedwa amalume a Tek Bahadur,

Ndikhulupirira muli bwino ku Baglung. Ife ku Oulu tilipo, kuzizira kokhaku.

Chifinishi, chilankhulo cha kuno, ndikuphunzira pafoni ndikaweruka kotsuka mbale. Foniyo imandiyamikira tsiku lililonse. Koma dokotala ataunika mtima wa mwana wathu Pabitra, analankhula nthawi yaitali osamwetulira. Ine ndinkangovomera ndi mutu monga munatilerera, wamkulu sadulidwa mawu. Ndinatolapo mawu awiri okha: Lolemba, asadye.

Kunyumba ndinati, "Akuti ali bwino."

Mayi ake anati, "Inu bambo a Pabitra, mwana wabwinobwino amamuletsa kudya?"

Chonde amalume, mwana wanu Sarita ndi namwino ku Tampere, m'dziko lomwe lino, ndipo Chifinishi amachidziwa. Mupempheni andiimbire lisanafike Lolemba. Amayi anga musawauze kaye.

Ndine mwana wanu,
Khagendra