Mapazi Amene Ankatsogolera a Jenerale

Petersburg, Novembala 1874

Mlongo wanga Stepanida,

Amene akuwerengereni kalatayi ayambe wavula chipewa, chifukwa wolemba ndine Mokei Danilovich, mwini wa mapazi olemekezeka kuposa onse mu Russia muno, kupatula mfumu yathu a Tsar, amene mapazi awo sindinawaonepo. Muli bwanji kumudziko? Chifuwa chija chinakusiyani, kapena mukudzutsabe atambala ndi kutsokomola?

Ntchito yanga mumaidziwa, ngakhale mumauza anthu kuti ndine wopukuta nsapato. Phazi langa ndi la a Jenerale Nikita Platonovich n'zofanana ngati za mapasa. Jombo zatsopano zikabwera ndimayamba ndine kuzivala mpaka zifewe, kuti matuza atuluke pa ine osati pa bwana. Kumapiri a Kavkaz, ku Sevastopol, kumchenga wa ku Tashkent, konseko iwo ankagonjetsa adani atavala jombo zimene ine ndinazigonjetsa kale. Mamendulo ali pachifuwa pawo, zipsera zili kuzidendene kwanga.

Tsono mverani chipongwe. Chaka chino mapazi anga ayamba kutupa. Adona anandipeza ndikulimbana ndi jombo, thukuta lili kamukamu, ndipo anati ndikungokulitsa nsapato za amuna awo. Basi analamula kuti jombo za pa ukwati wa mwana wawo Varvara azifewetse Anisim, woyendetsa ngolo. Anisim! Munthu wosadziwa fungo la wonga, amene nkhondo yake yaikulu anamenya ndi ntchentche za m'khola la akavalo.

Ankadutsa dala pakhomo la khitchini, jombo zikulira kwii kwii, n'kumandifunsa kuti madala, kodi timasewera iti n'timene munkati ndi ntchito? Ndinamuchenjeza kuti jombo za Jenerale zikamva fungo la ndowe zimathawa zokha. Iye anati zikathawa ndizithamangitse ineyo, ndi maungu angawa. Wophika anaseka mpaka kugwetsa chipande. Ndinalumbira kuti supu wake sindidzamwanso, ndipo lumbirolo ndinalisunga mpaka masana.

Adona anenanso kuti chisanu chikadzatha mapaziwa asanaphwe, ndibwerere kumudzi ndikapume. Kupuma ine? Ndine mkate ngati, kuti andiike pashelefu?

Koma imvani za tsiku la ukwati. Tchalitchi chinadzaza ndi akuluakulu a nkhondo, mamendulo ali waliwali. Wansembe atangokweza zisoti zaukwati pamitu pa akwati, a Jenerale anayamba kutsimphina. Kenaka anakhala pansi penipeni, anavula jombo zonse ziwiri, namugenda nazo Anisim, uku akukuwa kuti awaitanire Mokei wawo, chifukwa popanda iye ngakhale ku Sevastopol akanapita chokwawa. Adona anandipepesa akulira.

Pempho langa ndi limodzi. Munditumizire mafuta a tsekwe osakaniza ndi masamba aja amayi ankatipaka tikatupa miyendo. Mupatsire aliyense wobwera kuno, bola asakhale wa njala, angadyere mkate panjira.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Prokhor, muwauze kuti kavalo wawo uja ndimamukumbukira m'mapemphero, poti iye ndiye amagwira ntchito pakhomopo. Moni kwa ana anu onse ndi kwa azakhali a Domna, ngati akumvabe.

Ndine mlongo wanu,
Mokei Danilovich, wa mapazi aja

Iwe wowerenga, apa tsitsa mawu. Achemwali, za m'tchalitchi zija ndapeka. A Jenerale sanatsimphine. Anavina ndi mwana wawo ngati mnyamata, ndipo potuluka anamusisita Anisim paphewa, akuti chibadwire sanavalepo jombo zofewa chotero. Ine ndinali pakhomo pomwepo nditanyamula chikhoti chawo. Anachilandira osandiyang'ana.

Mafutawo mutumize ambiri. Ndipo malo anga ogona aja, pofunda paja pamwamba pa uvuni wanjerwa, mumuuze mphaka ayambe kufuna kwina.