Mtsuko Wopindika Kukamwa

Mkhumba, Phalombe
14 Okutobala 2004

Okondedwa alamu a Amosi,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino ku Joni kumeneko, inu, mayi ndi ana. Kuno tilipo. Nandolo anachita bwino chaka chino, ndipo bondo langa lija laleka kuvuta chisiyireni kupalasa njinga mpaka ku Jenala.

Kalata yanu inafika. Mwalemba kuti mwamva zoti mwana wathu Rozaria akuumbitsa ana tizidole tadongo, kuti anthu akuti wayamba zausing'anga, ndipo inu monga malume ake simulola kuti akaphunzire zimenezo. Mawu pa mwanayu ndi anu, ine ndine mkamwini, sindikutsutsa. Koma mkamwini naye ali ndi maso. Ndiloleni ndikuuzeni zimene ndaona.

Poyamba ndinali mbali yanu, ngakhale chifukwa changa chinali china. Zaufiti sindizikhulupirira, mukundidziwa. Ine ndinkati ndi masewera basi. Ndagwira ntchito m'chipatala mpaka kupuma, ndipo ndikudziwa kuti malungo amaoneka m'magazi. Ndinamufunsa Rozaria kuti kodi makala ndi dongo zimachiza nthenda yanji. Anati popeza ndimakonda umboni, ndisaweruze ndili pampando wandalema, ndipite ndikaone. Pakamwa mwana ameneyu anatengera inu.

Ndinapitadi. Amakumana m'kachipinda ka kutchalitchi, momwe ana amasiye amasonkhana Loweruka masana. Woyang'anira ndi Mayi Edina, namwino wa matenda a maganizo amene anakaphunzira ntchitoyi kunja. Rozaria amawathandiza. Zida zawo ndi mapepala, makala, choko ndi dongo la kudambo. Nsupa sindinaione.

Mwana wina anajambula nyumba yopanda chitseko. Ine ndi kuwerenga kwanga konse ndinanong'oneza Rozaria kuti tanthauzo lake n'loonekeratu, mwanayu akudziona ngati wotsekeredwa. Anandiletsa. Anati chithunzi si magazi oti wina aziyeza mwini wake ali chete, wodziwa tanthauzo ndi amene wajambula. Anagwada pafupi n'kumufunsa mwanayo kuti anthu a m'nyumbayi amalowera pati. Mwana uja anati polowera palipo, koma chitseko anachizula popanga bokosi la amayi ake. Azakhali ake akuti chichokereni kumanda anali asanatchulepo za amayi akewo.

Ndinabwereka mabuku a Mayi Edina n'kuwawerenga onse. Ntchitoyi ndi yeniyeni, alamu. Ndi chithandizo cha maganizo kudzera m'zojambula ndi zoumba. Munthu amene mawu amukanika, manja amayamba kumulankhulira, mawu n'kubwera pambuyo. Kukongola kwa chithunzi kulibe ntchito. Wophunzira amayenera kudziwa za maganizo a munthu, kukula kwa mwana ndi kusunga chinsinsi, ndipo amagwira ntchito nthawi yaitali akuyang'aniridwa asanasiyidwe yekha. Tizidole timene mwamvato timatsekeredwa m'kabati, ndipo mwini wake ndi mwana amene waumba. N'chifukwa chake ngakhale dzina la mwana wa chitseko uja sindikulemba.

Tsopano za mlongo wanu Alesi.

Inu munalipo mu 1991 pamene phiri la Michesi linagumuka, madzi n'kutenga Ida, mwana wathu woyamba. Tinafufuza limodzi m'matope ndi m'miyala, osamupeza. Kuyambira pamenepo mlongo wanu, amene mitsuko yawo inkagulidwa mpaka ku Nkhulambe, sanakhudzenso dongo. Ankati limanunkha matope aja. Analetsanso kuti tiziwatchula amake Ida. Tonse tinasintha n'kumati amake Rozaria, ndipo dzina la Ida linazimirira m'nyumba muno ngati sitinaberekepo mwana wotero.

Mphekesera zimene munamvazo zinawafikanso iwo. Mu Ogasiti anamanga chitenje kuti akamutenge Rozaria, asatichititse manyazi. Atafika anapeza ana akukanya dongo lodzaza timiyala. Anaiwala chimene anapitira. Anayamba kukalipa kuti ndi chitsiru chanji chapatsa ana dongo losasankha, kodi sakudziwa kuti likaphulika pamoto? Rozaria anavomera kuti chitsirucho ndi iye. Amake anamuuza kuti asendere uko, n'kukhala pansi kuyamba kuchotsa timiyala.

Apa m'pamene ndinanyadira mwana wathu. Sanasangalale moonekera, sanawanyengerere. Anatuluka panja mwakachetechete, chifukwa lamulo la ntchitoyi ndi lakuti m'bale wako sumuthandiza wekha. Mayi Edina ndi amene anakhala nawo. Kuyambira tsiku limenelo, Loweruka lililonse ana akaweruka, mlongo wanu amatsalira.

Sabata yatha anabwera ndi kamtsuko kakang'ono, kowotcha kale, kopindika kukamwa. Ine pofuna kuwalimbitsa mtima ndinati asadandaule, manja amaiwala akakhala nthawi yaitali, adzazolowera. Anandiyang'ana momwe amayang'anira mbuzi yolowa m'munda. Anati manja awo sanaiwale kanthu, anachita kuvutikira kuti kapindike chonchi. Umu ndi mmene ankaumbira Ida, ankapanikiza kwambiri ndi chala chamanzere, ndipo sabata ya madzi ija iwo ankamukalipira za chala chimenechi.

Anatchula dzina, alamu. Anapitiriza kufotokoza mmene Ida ankabisira dongo m'thumba la yunifolomu, ndipo anaseka, kenako analira, kenako anasekanso. Ndiwo zinapserera pamoto, palibe amene anadzuka.

Sindikuti achira. Mitambo ikangoda pa Michesi amayambabe kuitana aliyense kuti alowe m'nyumba, ndipo mvula ikubwerayi sindikudziwa kuti idzawapeza bwanji. Ndikudziwanso kuti munthu mmodzi si umboni wokwanira. Koma ine ndinawapatsa mapiritsi ogonetsa kwa zaka zambiri, ndipo palibe limodzi limene linabweza dzina la mwana wanga m'nyumba muno.

Pempho langa ndi ili. Sukulu yophunzitsa ntchitoyi ili kumene muliko ku Joni, ndipo yamulandira Rozaria kuti ayambe mu Januwale. Bungwe limene limathandiza Mayi Edina lilipira maphunziro. Chimene chatsala ndi chilolezo chanu ndi pogona. Ndinamuuza kuti nthawi zinasintha, masiku ano munthu amavota yekha, akhoza kungokwera basi. Anakana. Anati sangapite kukaphunzira kumvera anthu atanyoza malume ake. Ndiye mukakana, malowo apatsa wina, iye atsala kuno.

Anthu amene amadziwa ntchitoyi m'dziko muno ndi owerengeka, koma ana onga wa chitseko uja ali m'mudzi uliwonse. Mwana wa mlongo wanuyu akhoza kudzakhala mmodzi wa oyamba kuidziwa ntchitoyi. Yankhani mwezi wa Novembala usanathe.

Ambuye akusungeni m'mudzi wa eni. Perekani moni kwa mayi, kwa Frank ndi kwa Madalo.

Mlongo wanu ali pambali panga pano, akusenda chinangwa. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Akuti mulole mwana apite, mukakana mudzanene pamaso pawo pa Khirisimasi, mutagwira kamtsuko kaja m'manja. Akutinso ndilembe bwinobwino kuti moni uwu ukuchokera kwa amake Ida.

Ine mlamu wanu,
Eneya Sitima,
bambo a Ida ndi Rozaria