Kalilime ka Chivundikiro cha Ketulo

9 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Munthu amene mwalemba kuti munakhala naye benchi limodzi ku ukwati, amene mukuti ndi nkhalamba yaulemu, ndi Pensulo Yofiira. Tinamutcha choncho ku fakitale ya ziwiya, poti pepala lililonse lodutsa m'manja mwake linkabwerako ngati likuchucha magazi. Anali mkulu wathu m'chipinda cha mapulani, ndipo ndi amene anandichotsetsa ntchito. Zaka makumi atatu ndakhala ndikukuuzani kuti ndinasiya chifukwa cha maso. Ndinkanama.

Tinalimo asanu ndi mmodzi. Anzangawo anali ophunzira, ankajambula. Ine wosiyira sukulu panjira ndinkasema zitsanzo zamtengo kuti anthu azigwire chitsulo chisanaumbidwe. Lamulo lake linali lakuti pa pulani pasamalembedwe dzina la munthu. "Muno mulibe changa, amisiri anga," ankatero uku akutisisita pamapewa. "Nzeru ndi za tonse." Ndinkamukonda, achemwali. Ndani winanso ankafunsa maganizo kwa munthu wa utuchi m'tsitsi?

Ketulo ija munali nayo, yosagwa chivundikiro pothira, inachokera m'manja mwangamu. Malemu mayi a ana atapsa pamkono, ndinasema kalilime kokola mkati, kotalika ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Inagulidwa zedi. Pa chithunzi cha m'nyuzi, "tonse" uja anaima yekha atavala taye.

Kenaka a kumakina anadandaula kuti kalilimeko kakuwachedwetsa. Iye anakadula pakati ndi pensulo yake ija. Ndinati, "Bwana, chivundikiro chizigwa." Anaseka. "Mdala, ketulo si ndege." Ndiye anandipatsa cholembera, akuti nthawi yakwana yoti dzina langa lidziwike.

Apa ndiye povuta kulemba. Chatsopanocho ndinachiyesa ndekha pa sinki, ndipo pa maulendo asanu chinagwa kawiri. Ndinaona ndi maso angawa. Koma ndinali ndisanaonepo dzina langa pa pepala lalikulu, ndipo ndinasayina pang'onopang'ono, kukongoletsa chilembo chilichonse. Patatha miyezi inayi kamtsikana kena kanapsa pachifuwa chivundikiro chitagwa. Akuluakulu atatsegula kabati anapeza mulu wa mapulani, dzina lili pa imodzi yokha, langa. Iye ankangoyang'ana pazenera.

Mukuti masiku ano amaitanidwa kukaphunzitsa achinyamata kutsogolera anzawo. Aziphunzitsa. Kupepesa kwake sindikukufuna, ndikakuika pati? Gawo langa la mlandu ndasenza, ndipo kamtsikanako ndipita nako kumanda.

Koma chitsanzo choyamba chija, chamtengo, cha kalilime kakatali, anachitenga kukakongoletsera tebulo lake. Mwana wanga wamkazi, wachisamba uja, anamva kusukulu kuti bambo ake anawotcha mwana. Sanandifunsepo. Mpaka lero, iye ali ndi imvi zake, akandiona ndikunyamula ketulo amandilanda mwaulemu, "Khalani pansi, ababa," n'kusuntha ana.

Adokotala akuti chifuwachi sichindifikitsa patali. Pitani kwa munthuyo, achemwali, mukamuuze abweze chitsanzocho. Akakati sakuchidziwa, chitembenuzeni: pansi pali banga lakuda la magazi pomwe tchizulo yosemera inandicheka. Ndikufuna mwana wangayo achigwire, achipendeketse yekha mpaka pansi, aone kuti chivundikiro sichigwa.

Moni kwa alamu ndi adzukulu onse. Musavutike ndi mabulangete, alipo okwanira. Mubwere ndi chokhacho.

Ndine mlongo wanu,
Wosema uja